Sola padenga, mdima m'nyumba: nkhani ya mabatire ku Prospecton

DURBAN — Madzi osefukira atamiza dera la Prospecton, kummwera kwa mzinda wa Durban, mu Epulo 2022, maso a anthu ambiri anali pa fakitale ya galimoto ya Toyota, imene inadzaza matope ndipo inatenga miyezi inayi isanayambirenso bwino ntchito. Anthu oposa 400 anamwalira m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Koma kwa mabanja oyandikana ndi fakitaleyi, ku Isipingo ndi ku Umlazi, vuto lina linali la magetsi: madzi anaononga zipangizo zogawira magetsi, ndipo madera ena anakhala mumdima kwa masiku ambiri. Kuonongekako kunali kwakukulu moti kampani ya Eskom inavomera kuti khonsolo ya eThekwini ipumuleko kaye pa ndondomeko yozimitsa magetsi mosinthanasinthana.

Mdimawu ndiwo unaphunzitsa anthu chinthu chimene ogulitsa sola sachedwa kuchidumpha. Mapanelo apadenga paokha sayatsa nyumba magetsi a Eskom akazima. Inveta wamba yolumikizidwa ku mawaya a khonsolo imadzizimitsa yokha nthawi yomweyo, kuopa kuti mphamvu yake ingaphe amisiri amene akukonza mawayawo. Dzuwa litha kuswa mtengo kunja, m'nyumba firiji ili chete. Chimene chimasunga kuwala ndi batire, pamodzi ndi inveta yotha kudula nyumba ku mawaya akunja.

N'chifukwa chake thandizo limene boma la South Africa linapereka likuoneka kuti linaphonya pang'ono. Mu Febuluwale 2023, chaka chimene magetsi anazimitsidwa masiku oposa 300, nduna ya zachuma a Enoch Godongwana analengeza kuti wogula mapanelo a panyumba adzabwezeredwa 25 peresenti ya mtengo wake kudzera pa msonkho, osapitirira R15,000. Mwayiwu unatha mu Febuluwale 2024, ndipo sunakhudze mabatire kapena ma inveta. Boma linkafuna magetsi atsopano, pomwe mabanja ankafuna kuwala kwa usiku. Ngakhale zinali choncho, Eskom inayerekeza kuti sola ya padenga inakwera kuchoka pa mamegawati osakwana 1,000 mu Malichi 2022 kufika oposa 4,400 mu Juni 2023.

Batire nalo si mankhwala a matenda onse. La makilowati-awala 5, lomwe ndi lofala m'nyumba zambiri, limakwanitsa mababu, firiji, wayilesi ya kanema ndi kutchaja mafoni usiku wonse. Koma giza ya makilowati 3 ingalimalize maola awiri asanakwane. Mabatire akale a asidi, omwe ambiri anathamangira chifukwa chotsika mtengo, safuna kukhetsedwa kupitirira theka, ndipo magetsi akamazima kangapo patsiku sapeza mpata wodzaza, motero amafa msanga. A lithiamu amapirira zaka zambiri, koma amafuna ndalama zochuluka pa tsiku logula. Ku Prospecton kuli kanthu kena koonjezera: deralo ndi lachigwa, pafupi ndi nyanja, ndipo batire loikidwa pansi m'galaja ndilo loyamba kumizidwa. Malo ake ndi pakhoma, pamwamba, podutsa mphepo.

Kuyambira pa 26 Malichi 2024, Eskom inatha miyezi khumi osazimitsa magetsi, ndipo ena anayamba kunena kuti mabatire anali kutaya ndalama. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, koma ikuiwala kuti mdima wa mu Epulo 2022 sunachokere ku malo opangira magetsi a Eskom. Unachokera ku mawaya ndi zipangizo za mumzinda momwemo, zimene mvula yamphamvu kapena akuba mawaya angazigwetse tsiku lililonse. Ikuiwalanso mtengo: mu Epulo 2025 magetsi a Eskom anakwera ndi 12.7 peresenti, ndipo batire limathandiza banja kugwiritsa ntchito usiku mphamvu imene lakolola masana.

Amalawi akuidziwa nkhaniyi. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo chaka chomwecho malo opangira magetsi a dzuwa ku Golomoti m'boma la Dedza anayamba ntchito ali ndi mabatire akeake.

Koma Amalawi ambiri okhala ku Isipingo ndi madera ozungulira amachita lendi, ena m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mwini. Denga si lawo, khoma si lawo, ndipo kubwezeredwa msonkho kunkafuna munthu wolipira msonkho wa pa malipiro. Chimene iwo angakwanitse ndi kabatire konyamula m'manja, kotchajidwa magetsi akakhalapo, kokwanira babu limodzi ndi foni yotumizira ndalama kumudzi.