MWALIPIRA KALE NYUMBA, TSONO MVULA YAULULA ZILEMA

 Sabata ino tikambe za munthu amene walipira kale nyumba, walandira makiyi, ndipo pambuyo pake apeza kuti nyumbayo ili ndi zilema.

Ambiri a inu ndinu ana ndi adzukulu a anthu aja anachoka ku Nyasaland ndi ku Tete napita kukathyola tiyi ku Chipinge, kumene tiyi anayamba kubzalidwa m'zaka za m'ma 1920, ndi ku Honde Valley, kumene minda yaikulu inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Makolo amenewa anakalambira m'nyumba za kampani, ndipo tsiku lotha ntchito linali tsiku lothanso nyumba. Anzathu a m'migodi anaona zomwezo pamene mgodi wa Kamativi unatsekedwa mu 1994 ndi wa Mhangura mu 2000, pakuti anthu a kwathu analibe mudzi wothawirako. Chifukwa chake mwamuna wa lero akasunga ndalama, choyamba afuna khomo lakelake kufupi ndi manda a atate ake. Ameneyu achita bwino, ndipo ine ndimtama.

Tsono ndalandira kalata yochokera kwa mbale wina wa pa mgodi wa platinamu. Iye anagula nyumba ya zipinda zinayi ku Chipinge, cha ku msewu wopita ku Mount Selinda, mwezi wa August ali pa tchuthi. Anaipeza yopakidwa penti watsopano, nalipira, nasaina, nasiyamo mkazi ndi ana, nabwerera ku ntchito. Pofika January mai a kunyumba anaimba foni kuti khoma la kuchipinda lang'ambika, madzi alikutuluka pansi pa simenti, ndipo mtanda umodzi wa denga wadyedwa ndi chiswe. Mbaleyo afunsa kuti, "Kodi nditumize ndalama amate msanga, kapena ndidikire tchuthi china ndikaonane naye maso ndi maso wondigulitsayo?"

Yankho langa ndi ili: zonse ziwirizi musachite. Womata msanga akwirira umboni wake ndi simenti yake yomwe, ndipo wodikira tchuthi apatsa mnzake nthawi yodyera ndalama.

DZIKO LA MVULA

Tiyi amakonda dziko limenelo chifukwa cha mvula, ndipo mvula yomweyo ndiyo mdani wa nyumba. Pa phiri la Chirinda, pamene pali nkhalango ija ya mtengo waukulu wa mbawa wotchedwa Big Tree, pamagwa mvula yoposa mamilimita 1,300 pa chaka, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira pamakhala nkhungu ndi mvula yowaza imene eni dziko amati guti, a ku Thyolo ndi Mulanje amati chiperoni. Ku Honde Valley nako mvula siinyengerera. Kumbukiraninso kuti namondwe wa Eline anapita kumeneko mu February 2000, chivomezi chachikulu cha ku Machaze m'dziko la Mozambique chinagwedeza Espungabera ndi Chipinge mu February 2006, ndipo namondwe wa Idai anasakaza Chimanimani ndi Chipinge mu March 2019. Nyumba yakale yapyola m'zonsezi, ndipo ina inang'ambika nthawi imeneyo, mwini wake nangomata pamwamba. Wogula mu August, dothi lili gwaa, agula nkhuyu asanaing'ambe. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZILEMA ZILI MITUNDU ITATU

Lamulo la malonda la ku Zimbabwe ndi la ku South Africa lili ndi muzu umodzi, ndipo lisiyanitsa zilema motere.

Choyamba ndi chilema choonekera: zenera losweka, malata adzimbiri, chitseko chosatsekeka. Ichi munayenera kuchiona nokha, ndipo khoti silidzakumverani chisoni. Chimodzimodzinso mphepo ikasasula denga labwino mutagula kale, tsokalo ndi lanu. Konzani ndi ndalama zanu, musatayepo nthawi.

Chachiwiri ndi chilema chobisika, chimene munthu wamba sangachione poyendera nyumba, koma chinalipo kale tsiku logula: maziko osaya, khoma lopanda pulasitiki wakuda uja amayala pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere, mitanda yodyedwa m'kati. Pa ichi lamulo lili mbali ya wogula, ngakhale wogulitsayo sanadziwe. Chilema chikakhala chachikulu kotero kuti mukadachidziwa simukadagula, mukhoza kubweza nyumba ndi kulandira ndalama zanu. Chikakhala chocheperapo, mukhoza kupempha kuti akubwezereni gawo la mtengo.

Koma tsegulani chipangano chimene munasaina, muone ngati muli mau akuti voetstoots. Mau amenewa ndi a Afrikaans, ndipo atanthauza kuti mwagula chinthu monga chilili. Alimo m'zipangano zambiri za nyumba, ndipo akakhalamo, wogulitsa alibe mlandu pa chilema chobisika chimene iyenso sanachidziwe.

Chachitatu ndi chilema chobisidwa dala. Wogulitsa akadziwa kuti khoma ndi long'ambika, namata, napaka penti, nakhala chete kuti inu mugule, ameneyo wanyenga, ndipo mau aja a voetstoots samteteza konse. Koma taonani: ntchito yosonyeza kuti iye anadziwa ili pa inu wogula. Penti watsopano pa khoma limodzi lokha, simenti ya maonekedwe ena m'kati mwa mng'alu, siling'i yatsopano pansi pa mtanda wodyedwa, izi ndizo mboni zanu. Mukazichotsa, mwachotsa mlandu.

ZOCHITA SABATA YOMWE INO

Poyamba, pulumutsani moyo ndi katundu. Ana asagone m'chipinda cha khoma long'ambika. Mtanda wofooka auchirikize ndi mzati, padenga afundepo lona, ndipo kumtunda kwa nyumba akumbe ngalande yopatutsa madzi. Khoti lifuna kuona kuti simunalekerere nyumba kuti ionongeke. Koma asamate, asapake penti, asataye thabwa lodyedwa.

Kachiwiri, akazi anu ajambule zithunzi ndi foni tsiku lomwelo, mvula ilikugwa, ndiponso sabata iliyonse. Alembe ndi pensulo pamene mng'alu wathera, pamodzi ndi tsiku lake. Mng'alu wonga tsitsi, wa pulasitala yekha, si woopsa. Koma wotsata mizere ya njerwa ngati makwerero, wokulirakulira, wolowa chala, usonyeza kuti maziko alikusuntha.

Kachitatu, itanani mmisiri womanga nyumba amene si mbale wanu, ndiponso si bwenzi la wogulitsa. Alembe pa pepala chimene waona, chifukwa chake, ngati chilemacho n'chakale, ndi mtengo wokonzera, nasaine. Nyumba ikakhala m'tauni, pemphaninso woyendera zomangamanga wa ku khonsolo kuti adzaone.

Kachinayi, funsani anansi mwaulemu. Iwo adziwa chaka chimene madzi analowa m'nyumbamo, adziwanso amene anadzamata. Safunsa anadya phula.

Kachisanu, lemberani wogulitsa kalata yofatsa, yopanda zotukwana ndi zoopseza. Munene tsiku logula, chilema chimene mwapeza, ndalama zimene mmisiri wanena, ndi tsiku limene mufuna yankho. Kalata ina yofanana nayo isungidwe, ndipo wokapereka apite ndi mboni. Mauthenga a pa WhatsApp musafafanize, pakuti munthu akayankha kuti, "Paja ndinamatapo kale pamenepo," wavomera yekha kuti anadziwa. Akalola kukambirana, ndi bwino koposa, chifukwa khoti lidya ndalama ndi masiku. Koma chimene mwagwirizana chilembedwe, nonse musaine pamaso pa mboni ziwiri. Pangano la pa mowa lithera pa mowa pomwepo.

KU KHOTI MLANDU UMAOLA

Ku bwalo la mfumu kwathu timati mlandu suola. Ku khoti la boma mlandu umaola. Lamulo la ku Zimbabwe lotchedwa Prescription Act linena kuti madandaulo ambiri a ndalama afa pakapita zaka 3 kuchokera pamene munadziwa, kapena munayenera kudziwa, za vutolo ndi munthu wolakwayo. Kalata yanu yokha siiimitsa nthawi imeneyi. Chimene chiiimitsa ndi samani ya khoti yoperekedwa kwa munthuyo, kapena kuvomera kwake kuti ali ndi ngongole kwa inu. Ndipo wofuna kubweza nyumba yonse asayandikire n'komwe zaka zitatuzo, pakuti akakhalamo mvula ziwiri ali chete, mnzake adzati anailandira monga ilili.

Apa ndi pamene ife a m'migodi timagwera, chifukwa tchuthi chibwera kamodzi pa chaka, ndipo masiku ake athera m'maliro ndi m'kuchezera abale. Mankhwala ake alipo. Lembani chikalata chotchedwa power of attorney, chopatsa akazi anu kapena munthu wokhulupirika mphamvu yoimira inu pa nkhani ya nyumba yokhayo. Muli kunja kwa Zimbabwe, chisainireni pamaso pa loya wa udindo wa notary public, aikepo chidindo chake. Ku Chipinge kuli khoti la majisitireti, ndipo ku Mutare kuli High Court chiyambire 2018. Osowa ndalama ya loya afunse ku Legal Aid Directorate kapena ku Legal Resources Foundation ku Mutare komweko.

CHILEMA CHA PA PEPALA

Khoma long'ambika limangidwanso, koma pali chilema china choopsa koposa chimene mvula siiulula. Pamene mulikuyang'ana khoma, tumani munthu ayang'anenso mabuku a boma.

Nyumba ya title deed ikhala yanu pokhapokha dzina lanu litalembedwa ku Deeds Registry, ndipo za ku Manicaland zilembedwa ku Harare. Makiyi ndi lisiti si umwini. Kumeneko mudzaonanso ngati nyumbayo inakhala chikole cha ngongole ku banki.

Nyumba zambiri za m'malokeshoni, monga Gaza ku Chipinge, zilibe title deed, zili m'buku la khonsolo. Pa izi wogula ndi wogulitsa apita pamodzi ku khonsolo kukasintha dzina, ndipo ntchito imeneyi itchedwa cession. Isanachitike, m'buku mukadali dzina la mnzanu, ndipo munthu wosaongoka akhoza kugulitsanso nyumbayo kwa wina. Funsani pomwepo ngati pali ngongole ya msonkho ndi madzi, ndiponso ngati zipinda zoonjezera zili pa pulani yovomerezeka. Mu 2005, pa nthawi ya Murambatsvina, zipinda zopanda pulani zinagwetsedwa m'matauni, ndipo a United Nations anawerengera kuti anthu ngati 700,000 anataya pokhala kapena ntchito.

Malo a kumudzi, monga ambiri ozungulira Chirinda ndi a m'Honde Valley, sagulitsidwa konse. Lamulo la Communal Land Act la 1982 liika malo amenewa m'manja mwa Pulezidenti, ndipo wololeza munthu kukhalapo ndi khonsolo ya dera: ya Chipinge kwa a ku Chirinda, ya Mutasa kwa a ku Honde Valley. Nyakwawa, amene kumeneko amati sabhuku, alibe mphamvu yogulitsa dothi. Kumayambiriro a 2024 anthu ambiri, makamaka ku Masvingo, anamangidwa ndi kuchotsedwa pa malo amene anagula motero. Ngati munalipira nyumba yotere, musabisale. Pitani ndi sabhuku kwa mfumu ndi ku khonsolo, mukapemphe kuti dzina lanu lilembedwe mwa lamulo.

Ngati mwini nyumba anamwalira, ndipo anakugulitsani ndi mwana wake, funsani kalata yochokera kwa Master of the High Court yomuika kukhala woyendetsa chuma cha masiye, ndi chilolezo chogulitsira. Chiyambire 1997 lamulo lipatsa mkazi wamasiye nyumba imene anali kukhalamo ndi mwamuna wake. Mwana wogulitsa nyumba ya amake popanda makalata amenewa wagulitsa chimene si chake.

Chinanso, inu amene chitupa chanu chikadali cholembedwa kuti ndinu mlendo ngakhale munabadwira pa esiteti: malamulo aakulu a dziko a 2013 anena kuti wobadwira m'Zimbabwe chisanafike chaka chimenecho, kholo lake lili la ku Malawi, Mozambique kapena Zambia, nakhala m'dzikomo pa nthawiyo, ndi nzika. Konzani chitupa, ndipo dzina la pa chitupa lifanane ndi la pa makalata a nyumba, chilembo ndi chilembo. Phiri wolembedwa Piri adzavutitsa ana ake iye atapita.

Abale anga, ndalama ya nyumba ndi thukuta la zaka zambiri za pansi pa nthaka, ndipo ena a inu mwaiperekera ndi chifuwa chomwe. Musaitaye ndi mkwiyo, musaitayenso ndi manyazi oopa kuti anzanu a m'komponi adzakusekani kuti munapusitsidwa. Sungani umboni, lembani kalata, fufuzani mabuku, ndipo zonsezi zichitike mvula ya chaka chino isanathe. Odziwa kuwerenga awerengere anzawo tsamba lino madzulo ano, ndipo wina alitumize kwa mai a kunyumba, pakuti iwo ndiwo ali pansi pa dengalo.

Sabata ya mawa tidzakamba za kulemba wilo, kuti nyumba imene mwavutikira isadzakhale chifukwa cha ndewu pa maliro anu. Tsalani bwino, Mulungu akusungeni pa ntchito.

Ine wanu,
MLANGIZI