MCHERE SULOWA M'NG'ANJO YA MAGETSI

Mwezi uno tikambirane za dothi ndi moto. Kuno ku Chiradzulu ntchito youmba si yachilendo. Kuyambira kale amayi athu amatapa dothi m'madambo, naumba miphika, mitsuko ndi nkhali, nazisalaza ndi nkhulungo, naziwotcha pa moto wa nkhuni ndi udzu. Ngakhale tchalitchi chathu cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, chaima pa njerwa zoumbidwa ndi kuwotchedwa ndi anthu a dziko lino.

Lero ana athu afuna kupitirira pamene anafika amayi awo. Aona makapu ndi mbale zonyezimira za ku Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987. Aonanso pa lamya zawo za m'manja oumba a maiko akutali akuponya mchere wamba m'ng'anjo, ziwiya nkutuluka zowala ngati galasi. Chotero sitidabwa pamene mnyamata alingalira zosonkherana ndalama ndi anzake, agule ng'anjo ya magetsi, achite chimodzimodzi. Chikhumbo chotere nchabwino, ndipo makolo tisachizimitse. Koma tinene poyera kuti mchere ndi ng'anjo ya magetsi siziyenderana.

Luso lowalitsa ziwiya ndi mchere linakula ku Germany, m'dera la mtsinje wa Rhine, m'zaka za m'ma 1400. Pambuyo pake linafika ku England, kumene m'zaka za m'ma 1800 fakitale ya Doulton ku London inkawotcha motero mapaipi ochotsa madzi oipa mumzinda. Chimene chichitika m'kati mwa ng'anjo ndi ichi. Mchere wathu wa m'ndiwo uli ndi zinthu ziwiri, sodium ndi chlorine. Ng'anjo ikatentha kupitirira madigiri 1,200, mchere woponyedwamo usanduka nthunzi. Sodium agwirana ndi mchenga wosalala umene uli m'dothi la chiwiyacho, napanga galasi lopyapyala lokhala ndi timaenje ngati khungu la lalanje. Koma chlorine asakanizana ndi nthunzi ya madzi, napanga mpweya woipa wotchedwa hydrogen chloride. Mpweya umenewu ukakhudza chinyezi cha m'maso, cha kukhosi ndi cha m'mapapo, usanduka asidi. Munthu alira misozi, atsokomola, abanika. Ndipo wodwala mphumu, mwana wamng'ono ndi nkhalamba ndiwo avutika koposa. Ngakhale malata a padenga achita dzimbiri ndi mpweyawo.

Chifukwa chake oumba odziwa ntchito amamanga ng'anjo ya mchere panja, kutali ndi nyumba, ndi njerwa zolimba zopirira moto, naiikira chumuni chachitali chokokera utsi kumwamba. Amaisonkhezera ndi nkhuni, gasi kapena mafuta. Ndipo ng'anjo ikalawa mchere kamodzi, ikhala ya mchere masiku onse, pakuti mcherewo ulowerera m'njerwa.

Ng'anjo ya magetsi inapangidwa mwa njira ina. Ilibe chumuni, ndipo kawirikawiri ikhala m'chipinda. Tsono mpweya wa asidi uja utulukira pa chitseko chake, nudzaza malo amene anthu akupumamo. Moto wake uchokera ku mawaya opotana okhala m'zipupa zake, ndipo nthunzi ya mchere idya mawayawo kufikira aduka. Njerwa zake nzofewa ndi zopepuka, mchere uzinyenya msanga. Komanso wotsegula ng'anjo yotentha kuti aponyemo mchere magetsi ali oyaka akhoza kupsa nkhope kapena kugwidwa ndi magetsi. Motero gulu la achinyamata likhoza kutaya tsiku limodzi chuma chimene linasonkha chaka chathunthu, ndi kuwonongerapo thanzi lawo.

Kapena wina adzati, "Nanga tikathira mcherewo pa moto wa amayi uja wa panja?" Ameneyo angotaya mchere wake. Moto wa nkhuni ndi udzu wa pabwalo ufika pakati pa madigiri 600 ndi 900, ndipo kutentha kotere sikukwanira kupanga galasi. Dothi la miphika yathu nalonso kawirikawiri silipirira madigiri 1,200. Lipindika kapena kusungunuka.

Tichenjezenso za njira ina yachidule imene iposa mchere kuipa kwake. Mtovu, wonga uja wa m'mabatire akale a galimoto, uwalitsa chiwiya pa moto wochepa, koma usungunukira m'zakudya zowawasa monga thobwa ndi ndiwo za matimati, nuwononga ubongo wa ana pang'onopang'ono, makolo osazindikira. Mtovu usayandikire chiwiya chodyeramo kapena chomweramo.

Nanga achinyamata achite chiyani? Wokhala ndi ng'anjo ya magetsi agule mankhwala owalitsira opangidwira ng'anjo yotere, olembedwa kuti alibe mtovu ndipo ngoyenera ziwiya za chakudya. Ng'anjoyo iikidwe m'chipinda chopita mphepo, chosagonamo munthu, ndipo mawaya ake alumikizidwe ndi mmisiri wa magetsi wovomerezeka. Koposa zonse, ayambe waphunzira kwa oumba amene agwira ntchitoyi zaka zambiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Katekisma wathu, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi, atiphunzitsa kusunga moyo wathu ndi wa anzathu. Ndipo mapapo a mwana woyang'anira ng'anjo ali m'kati mwa lamulo limenelo. Tikumbukirenso kuti pa Yeremiya 18 Mulungu anatuma mneneri wake ku nyumba ya woumba mbiya kuti akaone ntchito ndi maso ake asanalankhule. Ana athu achite chomwecho: ayambe aona, afunse, ndipo pambuyo pake ayatse moto. Ambuye asunge mabanja anu kufikira tidzachezenso mwezi wa mawa.