Chotupa cha pamutu pa khanda si ufiti

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yathu ino kuti ndilankhule ndi makolo anzanga, mafumu, abusa ndi ansembe.

Chaka chatha mdzukulu wanga anabadwa ndi chotupa chofewa kunkhongo, chachikulu ngati lalanje. M'mudzi munamveka zambiri. Ena ankati mayi wake anaponda mankhwala, ena ankati bambo wake, amene amathyola tiyi kuesiteti, wakhwimira chuma. Gogo wina anafika ndi lezala kuti amuteme mphini. Ife tinakana. Kuchipatala chaching'ono anatitumiza ku Thyolo, ndipo kumeneko anatipatsa kalata yopita nayo ku Gulupu, ku Blantyre.

Adokotala anatifotokozera kuti vutoli limayamba mimba ikadali yaing'ono. Chigaza sichitsekeka bwino, ndiye nembanemba yokuta ubongo, madzi ake, mwinanso mbali ina ya ubongo zimatulukira pampatapo. Anati lezala lija likanalowetsa tizilombo mpaka muubongo. Pa opaleshoni anachotsa thumbalo, nasoka nembanembayo, natseka mpata uja. Lero mwanayo akukwawa.

Sindikunena kuti ana onse amachira chimodzimodzi ayi. Ena amasonkhana madzi m'mutu ndipo amawaika kapaipi kotsitsira madziwo m'mimba. Koma thandizo lilipo m'dziko mwathu momwe muno. Ku Gulupu kuli madokotala a ubongo, ndipo mu 2017 anatsegulako Mercy James, chipatala cha opaleshoni ya ana. Ku Lilongwe nako mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha LION, cha mafupa ndi ubongo.

Inu abusa ndi ansembe, mwana wotere akabadwa mumpingo mwanu mupempherereni ndithu, koma pemphero lisalowe m'malo mwa ulendo. Opaleshoni ya m'chipatala cha boma sitinalipire. Chimene chinatisautsa ndi ndalama ya minibasi ndi chakudya cha mayi wodikirira mwana. Kodi chopereka cha Sabata limodzi sichingakwane pamenepo?

Inu mafumu, letsani mphini pamutu pa makanda, ndipo dzudzulani oneneza makolo ufiti. Manyazi amenewa ndi amene amabisitsa ana m'nyumba mpaka chotupa kuphulika. Amayi nanu yambani sikelo msanga. Mapiritsi a folic acid amathandiza kupewa zilema zina za msana ndi mutu, makamaka mukayamba kumwa musanaime.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Gogo wokhudzidwa,
Kwa Nsabwe, Thyolo.