Mbiri ya sukulu ya ukachenjede imamangidwa kunja kwa mpanda

Chaka ndi chaka, mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede akatuluka, m'mabanja mwathu mumabuka funso limodzi: kodi sukulu ya mbiri yabwino ndi iti? Ena timayang'ana kukongola kwa nyumba zake, ena kuchuluka kwa maprofesa, ena ntchito zimene omaliza maphunziro amapeza. Zonsezi n'zofunika ndithu. Koma ulipo muyeso wina umene sitiutchula kawirikawiri: kodi sukuluyo yawachitira chiyani anthu okhala kunja kwa mpanda wake, amene sadzalowa m'kalasi mwake ngakhale tsiku limodzi?

Tikumbukire miyezi ya Seputembala ndi Okutobala m'chaka cha 2017. Mphekesera za anamapopa zidawanda ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka zidafika mumzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa powaganizira kuti ankapopa magazi a anzawo, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Masiku amenewo aliyense wonyamula jakisoni ankayenda mtima uli m'mwamba.

Pasanathe theka la chaka, mu Febuluwale 2018, ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kudayamba kafukufuku wa katemera watsopano wa matenda a taifodi, woyamba wa mtundu wake mu Africa muno. Matendawa anali atasautsa Blantyre kuyambira cha mu 2011, pamene kudabuka tizilombo tosamva mankhwala amene madokotala ankadalira. Ntchitoyi adaigwira akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe limagwirizana ndi sukulu ya zaudokotala ya College of Medicine, pamodzi ndi anzawo a University of Maryland ku America. Ana oposa 28,000, a miyezi 9 kufikira zaka 12, adabayidwa. Theka la anawa lidalandira katemera wa taifodi, theka lina katemera wa matenda oumitsa khosi, kuti pambuyo pake aone kusiyana kwa magulu awiriwa.

Zotsatira zidatuluka mu 2021 ndipo zidaonetsa kuti katemerayu adachepetsa matendawa ndi magawo pafupifupi 8 mwa magawo 10. Mu Meyi 2023 boma lidayamba kupereka katemerayu kwa ana m'dziko lonse. Lero mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje ndi wotetezedwa chifukwa mayi wina wa ku Ndirande adavomera kupereka mkono wa mwana wake.

Tidzifunse tsono: n'chifukwa chiyani makolo ochuluka chotere adavomera, m'nyengo imene jakisoni anali chinthu choopsa? Sadawerenge mndandanda wa sukulu zapamwamba za padziko lapansi. Chimene ankadziwa n'chakuti madokotala ndi ophunzira a sukuluyi, yomwe idatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, akhala akuwaona usana ndi usiku m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth. Adaonanso ochita kafukufuku akudzera kwa mafumu, kwa aphunzitsi ndi m'misonkhano ya makolo kukafotokoza ndi kuyankha mafunso. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Sukuluyi idaika kwa zaka zambiri, ndipo tsiku lofuna chikhulupiriro cha anthu idachipeza.

Komabe tisaombe m'manja osachenjezana. Chikhulupiriro chotere chimamangidwa pang'onopang'ono koma chimagwa tsiku limodzi. Wochita kafukufuku akatenga magazi kapena mayankho a anthu akumudzi, n'kukalemba nkhani yake m'magazini a kunja, osabwereranso kudzanena zimene wapeza, amakhala watsekera khomo aliyense wobwera pambuyo pake. Chimodzimodzi sukulu imene imakumbukira oyandikana nawo pa tsiku lojambulitsa lokha, ikupereka matumba a ufa kuti ituluke m'nyuzipepala. Anthu akumudzi sangadziwe Chingerezi, koma amasiyanitsa wodzathandiza ndi wodzadzionetsa. Mbiri yabwino ndi chipatso cha utumiki. Woifuna payokha, utumiki palibe, saipeza.

Tikumbukirenso kuti sukulu za boma zimayendera msonkho wa tonsefe, kuphatikizapo mayi wogulitsa tomato amene nayenso amalipira msonkho. Chimene sukulu imachitira mayi ameneyu n'kubweza ngongole, si chifundo ayi.

Nkhaniyi ikutikhudzanso ife a mipingo, pakuti nafenso tili ndi sukulu zathu. Sinodi ya Livingstonia idatsegula yunivesite yake mu 2003, Akatolika adatsegula yawo ku Nguludi mu 2006, ndipo mipingo inanso ili nazo zake. Sukuluzi zimanyamula dzina la mpingo kulikonse zipita. Zikadziwika ndi fizi yokwera yokha, dzina lodetsedwa ndi lathu. Choncho pa misonkhano yathu tisamangofunsa kuti chaka chino mwalemba ophunzira angati. Tifunsenso kuti ana amasiye amene mwawalipirira ndi angati, alimi oyandikana nanu aphunzira chiyani kwa inu, ndipo sukulu ya pulaimale ili kuseri kwa mpanda wanu yapindula chiyani. M'fanizo la matalente la pa Mateyu 25, wodzudzulidwa sadabe kanthu. Adangokwirira chimene adapatsidwa. Nzeru zotsekeredwa m'laibulale n'zokwiriridwa chimodzimodzi.

Pomaliza, inu makolo amene mwana wanu wasankhidwa chaka chino, pomulongedzera katundu mumuuzenso ichi: digiri imene akukatenga ili ndi thukuta la anthu ambiri osamudziwa. Akabwera pa tchuthi, athandize ana a Sitandade 8 masamu, awerengere agogo malangizo a mankhwala, akhale pansi ndi alimi anzake. Anthu a m'mudzi mwanu adzaidziwa yunivesiteyo kudzera mwa iye.