Chigayo Sichidziwa Chibale

Abale anga a ku Angónia ndi ku Tsangano, pali chizolowezi chimene tiyenera kuchiunikanso. Munthu akagula chigayo kapena akatsegula sitolo pa Ulongwe, woyamba kulembedwa ntchito amakhala mphwake. Kaya amadziwa kuwerengera ndalama, kaya sadziwa, palibe amene amafunsa. Ndalama zikayamba kusowa, mwini wake amangoluma mano, pakuti kuchotsa mwana wa mlongo wako ndi kudana ndi banja lonse. Mapeto ake chigayo chimatsekedwa, chibale nachonso chimasokonekera.

Tikumbukire m'mene zinalili nkhondo itatha. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anzathu oposa miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi anayamba kubwerera. Ena anabwera ndi luso la ukalipentala ndi lomanga nyumba. Panalinso asilikali otula zida, amene ambiri tinkawaopa. Wowapatsa ntchito ankaoneka ngati akuika chuma chake pachiswe, komatu midzi yathu inadzukanso ndi manja oterewa.

Sindikunena kuti titaye abale. Mbale tim'thandize ndi mbewu kapena feteleza. Koma pa ntchito, tilembe woidziwa. Muyeseni mwezi umodzi, mugwirizane malipiro pamaso pa mboni, ndipo mum'lipire pa tsiku lake.

Inde, mlendo angathe kuba. Mbale nayenso angathe. Kusiyana kwake n'kwakuti mlendo mungapite naye kwa mfumu popanda kugawanitsa banja. Paja akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.