Madokotala oyenda mumlengalenga

Dzino likamuvuta munthu wa ku Chunga mu Lusaka, amakwera minibasi, posakhalitsa ali pamzere kuchipatala. Nanga mlimi wa ku Luangwa, mvula itadula msewu, tsaya litatupa, amalowera kuti?

Funso limeneli ndi lomwe linadzetsa Zambia Flying Doctor Service, yomwe Dr James Lawless anaiyambitsa mu 1965. Likulu lake lili ku Ndola, ndipo pamaulendo ake imatenganso madokotala a mano ndi a maso.

Kuno ku Lusaka, dzina loyenera kulikumbukira ndi la Pulofesa John Jellis, dokotala wa mafupa. Mu 1982 iye anayamba kuulutsa yekha kandege kupita kuzipatala za mishoni zakutali, ntchito yomwe inadzatchedwa FlySpec. Akatera pabwalo la fumbi, ankapeza ana opindika mapazi ndi akuluakulu omwe mafupa awo analumikizana mokhota akumudikira pakhonde. Pambuyo pake anagwirizana ndi Dr Goran Jovic wa ku Serbia, amene amasoka milomo yong'ambika chibadwire ndi kuwongola zipsera za moto.

Boma liyenera kuika ndalama zokwanira pa maulendo amenewa, chifukwa mafuta a ndege ndi odula.