Kalulu wanga anabereka popanda chikuta

Ku Kibada kuno, tsidya lino la Kigamboni mu mzinda wa Dar es Salaam, sungatsokomole kuseri kwa nyumba aneba osamva. Lachiwiri lapitali m'mamawa, mvula ya mu Epulo itagwa usiku wonse, ndinapeza kalulu wanga wamkazi atabereka tiana 7. Chisa anali atakonza, koma chinali chamanyazi: tiudzu tiwiri titatu ndi kaubweya kosadzaza ngakhale chikhatho. Tiana tiwiri tinali gone pa waya, tozizira ngati nsomba za pamsika wa ku Kivukoni.

Ndisanatambasule n'komwe dzanja, mlamu wanga anali atafika kale. "Alamu, musatigwire! Tikanunkha munthu mayi wake atidya." Aneba nawo anasuzumira pampanda n'kuvomereza m'Chiswahili, mawu oti sungura (kalulu) ali mbwee pakamwa. Anthu anayi, manja m'thumba, kuonerera tiana tikufa mwaulemu.

Bodza limeneli landitopetsa, ndipo ndikudziwa kuti nanunso lakukwanani. Kalulu woweta amene umamupatsa masamba a mbatata tsiku ndi tsiku amalidziwa fungo lako kuposa mkazi wako. Akamadya ana ake kawirikawiri amakhala kuti wasowa madzi akumwa, kapena agalu ndi makoswe amusowetsa mtendere usiku, kapena kamwanako kanabadwa kakufa kale.

Chimene chimatisokoneza ife Amalawi n'choti timamuyesa kalulu wa m'khola kuti ndi Kalulu wa m'nthano uja, wopusitsa Njovu ndi Fisi. Ayi ndithu. Wa kutchire kwathu amabereka ana a ubweya kale, maso ali tong'o, okonzeka kubisala m'udzu. Woweta uyu makolo ake ndi a ku Spain ndi Portugal, okumba una pansi. Amatenga bere masiku pafupifupi 31, ndipo ana ake amabadwa amaliseche, osaona, osamva, mpaka maso adzatseguke patapita masiku 10 kapena kuposerapo pang'ono. Una tinamulanda ife tomwe pomutsekera m'waya, ndiye lero tizimunena kuti ndi mayi wosasamala? Komanso sanyamula ana ndi pakamwa ngati mphaka. Kamene kagwera kunja kwa chisa kakhala komweko mpaka munthu akabwezeretse.

Ine ndinatola tiwiri tija n'kutilowetsa m'malaya, pachifuwa penipeni, mpaka tinayamba kuphiriphitha. Ndinatenga kabokosi kathabwa, ndikuyalamo udzu wouma bwino, ndikubooleza kadzenje pakati ndi chibakera. Kenako ndinagwira mayiyo n'kumuzula ubweya pang'onopang'ono pamimba ndi pachifuwa. Pa nthawi yobereka ubweyawo umachoka wokha mosavuta, ndiponso mawere amaonekera bwino. Thonje ndi nsanza za ulusi ndinazikana, chifukwa zimakulunga timiyendo. Tonse 7 ndinatiunjika pamodzi kuti tizifunditsana.

Madzulo mlamu anabweranso ndi nkhani ina: "Sakuyamwitsatu, wangokhala pakona." Kalulu amayamwitsa kamodzi kapena kawiri pa tsiku, mphindi zochepa chabe, nthawi zambiri kukada. Umboni uli pamimba: kamwana kokhuta kamakhala ndi mimba yotukuka, kanjala kamachita makwinya. Zikavutitsitsa mumamugwira mayiyo pamwamba pa ana kuti ayamwe, kapena mumakatula tina kwa kalulu wina amene wabereka masiku omwewo. Mkaka wa ng'ombe m'supuni umangotipha msanga. Ndipo kunoko ku Dar es Salaam, dzuwa likaswa mtengo, ubweya wochuluka nawonso umapha. Masana mumapungulako, usiku n'kubwezeretsa. Miyendo ya khola muziiviika m'zitini za oyilo wakutha, apo ayi linthumbu lidzakusiyirani mafupa okhaokha.

Koma chimene chandiwawa kwenikweni si kalulu ayi. Kwathu ku Dedza mtsikana akachira koyamba ankalowa m'chikuta, azakhali ndi agogo n'kumamuphikira phala, kumusambitsira mwana, kumuonetsa kagwiridwe ka bere. Palibe ankayembekeza kuti adziwe zonse tsiku limodzi. Kuno tili ndi atsikana athu ambiri ogwira ntchito za m'nyumba, ochokera ku Karonga, ku Nkhata Bay, ku Mangochi. Wina akabereka m'kachipinda ka lendi, timawoloka mlatho wa Nyerere uja anautsegula mu 2016, mamita 680 athunthu, kulipira ndi msonkho wa pageti womwe, kukangoona mwana wafanana ndi ndani. Pobwerera m'bajaji timasimba kuti matewera anali akuda. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ife tinachenjera pakamwa.

Tiana 6 tili moyo, tayamba kumera ubweya. Kamodzi kanatisiya Lachinayi. Cholakwa changa ndachivomera: bokosi lija limayenera kulowa m'khola pa tsiku la 28 la bere, ine ndinali kalikiliki ndi katundu ku Kariakoo. Mlamu wanga wayamba kale kufunsa kuti Khirisimasi tidzapha angati. Ndamuuza kuti nyamayo idzakhala itanunkha munthu, asadzaigwire.